Kumene Tinawatsitsa a Mang Sidro

Amayi anatiperekeza mpaka pachitseko koma sanatuluke. Anaima mkati, maso ali pa ine, osati pa bambo.

"Efren, mukachoka kumaliroko musabwere kuno molunjika. Wamva?"

"Ndamva, Nay." Kwathu amayi timati Nanay kapena Nay, bambo timati Tay.

"Usangoti ndamva. Bwereza."

"Tikaima kaye pena pake. Tikatsika, tikasansa zovala, tikadya kenakake."

"Bambo akonso akatsike. Asakangokhala m'galimoto ngati thumba la mpunga."

Bambo anali atakhala kale kumpando wakutsogolo, atavala magalasi akuda amene anawapatsa kuchipatala atawachotsa ng'ala. Adokotala anawaletsa kuyendetsa galimoto, choncho chiwongolero chinali changa, ine amene laisensi ndinali nditangoitenga kumene.

Kuchipinda kunamveka kulira kwa Amihan, mwana wa achemwali anga, Ate Divina. Anabadwa masiku asanakwane, ndipo anali atangotuluka kuchipatala sabata yomweyo. Ankalira ngati kamwana ka mphaka. Tonse m'nyumbamo tinkayenda monyang'ama, ndipo wofuna kumunyamula ankayamba wasamba m'manja mpaka m'zigongono.

Amayi anatsitsa mawu. "Bambo ako sindikuwamvetsa chiyambireni dzulo. Akangolowa muno osaima pena, ine, Divina ndi mwana tichoka lero lomwe. Tipita kwa apongozi ake ku Sacramento. Sindikuseka."

Sankasekadi. Kuseri kwa miyendo yawo ndinaona chikwama cha Amihan chitalongedzedwa kale, matewera ndi mabotolo zili pamwamba.

Mwambowu ife Afilipino timautcha pagpag. Wakufa amatsatira munthu amene akuchoka pamaliro ake, ndiye umaima pena pake n'kudzisansa, kuti iye atsale pomwepo. Kusukulu sindinauzepo munthu zimenezi, ndipo sindidziwa ngati ndimazikhulupirira. Koma amayi anali ndi mlongo wawo kwawo ku Batangas, amene anamwalira ali khanda, tsiku limene agogo aamuna anafika kunyumba molunjika kuchokera kumanda. Anandiuza kamodzi kokha, akutsuka mbale, osandiyang'ana.

Afilipino onse a mu Stockton ankakasansira malo amodzi, kubekale ya a Mang Sidro. Palibe anapangana, zinangokhala choncho. Anthu akachoka pamaliro, magalimoto ankandondozana kupita kumeneko, n'kukamwa khofi ndi pandesal, timabanzi tathu tija, atavala zakuda. Ankaseka kuti mizimu yonse ya m'tauni muno ili m'bekale imeneyo, n'chifukwa chake buledi wake amafufuma kuposa wa wina aliyense. Ife tokha sitinkapitako. Tinkaima pomwetsera mafuta, n'kudya tchipisi titatsamira galimoto, magalimoto a anzathu akutidutsa.

Tsono tsiku limenelo womwalira anali a Mang Sidro eni ake.

Bambo atangofika ku America, opanda wachibale, a Mang Sidro ndi amene anawatola. Bambo ankagona kuseri kwa uvuni pamatumba a ufa, ankadya mbale imodzi ndi banjalo, ndipo ambiri ankayesa kuti ndi mwana wa m'nyumbamo. Kenako bambo anapeza ntchito yogawa makalata, nachoka Khirisimasi ili pafupi, nthawi imene bekale imasowa manja. A Mang Sidro sanawalankhulenso. Patapita zaka, bambo atagula nyumba yathuyi, anapita okha kukawaitana ku mwambo woidalitsa. Mkuluyo anayankha pamaso pa ogula onse: "Kunyumba kwako, Doroy, ndidzafikako nditafa." Ndinali wamng'ono, koma ndimakumbukira mpando umene bambo anauika pafupi ndi wa wansembe. Unakhala wopanda munthu tsiku lonse, ndipo anatiletsa kukhalapo. Kuyambira pamenepo palibe wa kwathu anapondanso m'bekalemo. Anzanga akusukulu akamalowamo pochokera kosewera mpira, ine ndinkati ndikudikira foni, n'kutsala panja.

Kunyumba ya maliro kunali kodzaza, ngakhale dzuwa la Ogasiti linkaswa mtengo. Ndinayenda pambuyo pa bambo, ndikugwira dzanja la wamkulu aliyense n'kuligunditsa pachipumi panga, monga mwa ulemu wathu. Manja anali ambiri. Limodzi linandigwira osandisiya.

"Iwe ndiwe mwana wa ndani?"

Anali Tita Chedeng, amene anagulitsa buledi pakauntala ya a Mang Sidro kuyambira ine ndisanabadwe. Kunong'ona sakudziwa, ngakhale pamaliro.

"Wa a Doroy, Tita."

"Wa Doroy? Mayo ine! Watalika ngati nsungwi, koma mnofu ulibe. Amako akukudyetsa chiyani, mphepo? Chilankhulo chathu, Chitagalogi, umachimva?"

"Pang'ono."

"Pang'ono! Nonse ndinu a pang'ono. Tikakutukwana ndiye umamva bwinobwino, eti?"

Azimayi oyandikana nawo anaseka atagwira pakamwa. Ine ndinayang'ana nsapato zanga.

Bambo anaima pabokosi nthawi yaitali, mpaka mzere wa anthu unayamba kuwalambalala. Magalasi sanavule. Milomo yawo inkagwedera, koma mawu sindinawamve. Aling Nening, mkazi wa malemu, anadzuka pampando nawapatsa kansalu.

"Misozi isadonthere pabokosi, Doroy. Ungamulemetse pa ulendo."

"Sindikulira, Aling. Ndi mankhwala a m'maso."

"Ndi mankhwala, inde," anatero, nakhalanso pansi.

Pochoka, anthu anaunjikana poimika magalimoto, makiyi ali m'manja, palibe wotsegula chitseko. Tito Poldo, amene amaimba kwaya kutchalitchi, ndiye anafunsa zimene aliyense ankaganiza.

"Tsono lero tikasansira kuti?"

"Kubekale, kuti kwinanso?" wina anayankha.

"Kubekale n'kwawo! Tikawasiya kumeneko sadzachokanso. Tiyeni kogulitsa mabega, mabanzi a nyama aja, kuja pakona."

"Poldo, mutu wako ukuyenda bwino?" anatero Tita Chedeng. "Ukawasiye a Mang Sidro pa buledi wonga siponji uja? Adzatibwerera kutulo tonse, mmodzimmodzi, kuyambira iweyo."

Anakangana mpaka Aling Nening anamva. Achibale a wakufa saperekeza alendo kunja, choncho anaima pachitseko, phazi osadutsa, naponya makiyi a bekale. Tita Chedeng anawawakha.

"Kamusiyeni kwake," anatero Aling Nening. "Kwina angakakhale kuti? Chingerezi chake n'chimene mumachidziwa chija."

Anthu anaseka, ena akupukuta m'maso, magalimoto n'kuyamba kulira.

Bambo asanalowe, anatsegula chitseko chakumbuyo. Anachotsa mpira wanga ndi nsapato zosewerera pampando, naziika m'buti. Anapukuta mpandowo ndi chikhatho. Anadikira pang'ono, kenako anatseka chitsekocho mosamala, ngati wotsekera munthu wolemera miyendo. Ndinaziona zonsezi, koma ndinadziuza kuti sindinaone.

"Kunyumba," anatero atamanga lamba.

"Tay, Nanay anati..."

"Ndamva zimene anati. Kunyumba."

Ndinayendetsa. Magalimoto enawo ndinawasiya atsogole. Ndinaganiza kuti bambo akungokana kubekale kokha, ndiye titayandikira pomwetsera mafuta pathu pa masiku onse ndinayatsa indiketa. Dzanja lawo linagwera pachiwongolero.

"Pitirira."

"Tingogula madzi, Tay."

"Pitirira, ndati. Ndipo uyendetse bwino. Muli munthu wamkulu muno."

Ndinayang'ana pagalasi loonera kumbuyo. Mpando unali wopanda kanthu, dzuwa lokha litagona pamenepo. Ndinayang'ananso, galimoto n'kuyamba kudya mzere wa pakati, wina n'kundilizira hutala.

"Anati adzafika atafa," anatero bambo, nkhope ili kutsogolo. "Pamaso pa anthu anatero. Ndiye amwalira. Afike. Akaone kuti Doroy sanapite kukaba. Akaone denga, akaone mpanda. Akakhale pampando uja."

Pamenepo m'pamene ndinazindikira. Masiku onse ndinkayesa kuti bambo amatsatira pagpag kuti amayi asalongolole. Ayi. Ankakhulupirira kuposa tonse.

"Nanga Amihan?"

"Sangamukhudze. Mkulu ameneyu ankakonda ana."

"Nanay achoka, Tay."

"Amako amangolankhula."

"Alongedza chikwama. Ndachiona."

Foni yanga inayamba kunjenjemera m'thumba, ndipo woimba ndinamudziwa. Inasiya, n'kuyambanso.

Ine si munthu wolankhula. Aphunzitsi ena atha chaka osadziwa mawu anga. Bambo ndinali ndisanawatsutsepo, osati chifukwa amamenya, samenya, koma chifukwa akakhumudwa amakhala chete masiku ambiri, nyumba n'kuzizira. Ndinkangoona amayi atatchinga pachitseko, bambo akudzipanikiza kuti alowe, Ate Divina akutuluka ndi kamwana kaja atakakulunga, kupita nako ulendo wautali padzuwa limenelo. Ndipo ndinadziwa kuti amayi akachoka motere, kubwerera kwake sikukhala kwa mawa.

Patsogolo panali maloboti omaliza. Kumanzere n'kwathu. Kumanja, kudutsa njanji, n'kubekale. Anayaka ofiira, ndinaima.

"Indiketa," anatero bambo.

Sindinayatse.

"Efren. Kumanzere."

Anayaka obiriwira. Wakumbuyo analiza hutala. Analizanso, motalika. Ndinakhotera kumanja.

"Ukuchita chiyani? Efren! Tembenuka!"

Matayala anagunda njanji, galimoto n'kudumpha.

"Ndiwe mwana wanga kapena wa amako okha? Imitsa galimotoyi! Imitsa pompano!"

"Ndikaima mutsika?" Mawu anatuluka aang'ono, ngati si anga.

"Nditsika, ndiyenda wapansi!"

"Mukatsika pano, muwasiya pano."

Tinali pakati pa malo otayirapo zitsulo ndi mpanda wa waya, galu akuuwa kuseri kwake. Bambo anayang'ana kunja. Dzanja lawo linali kale pachogwirira chitseko. Linakhala pamenepo, kenako linabwerera pabondo. Sanalankhulenso. Chete ameneyu ndinkamudziwa, ndipo ulendo uno ndinamuputa ndekha.

Bekale ili pakati pa kochapira zovala ndi kashopu kotumizira makatoni kumudzi. Anthu anali pakhonde, akukutumula masiketi, akumenya mapewa a majekete, akuponda pansi ngati ochotsa matope. Tito Poldo ankadzisansa movina, akazi awo n'kuwamenya ndi chikwama. Kenako onse analowa. Ndinaimika galimoto kumapeto n'kuzimitsa.

"Tay."

Anangoyang'ana kutsogolo.

"Mungotsika pang'ono. Ngakhale osalowa."

Anapinda manja pachifuwa. Ndinazula kiyi n'kumuika m'thumba, chinthu chimene sindinaganizepo kuti ndingawachitire bambo anga. Ndinatsika, ndinasansa malaya. Koma kusansa ndekha kunalibe ntchito, wotsatidwa sanali ine. Foni inanjenjemeranso, ndipo ulendo uno ndinayankha.

"Muli kuti?" anafunsa amayi.

"Kubekale, Nay."

"Ya a Mang Sidro? Bambo ako atsika?"

Ndinayang'ana galimoto. Mutu wa bambo unali njo kuseri kwa galasi.

"Sanatsike. Akuti akufuna abwere nawo malemuwo kunyumba."

"Ndinadziwa. Ndikuimbira apongozi a Divina adzatitenge," anatero, n'kudula.

Ndinalowa. Kabelu ka pachitseko kanalira, ndinaona ngati aliyense atembenuka, koma palibe anatembenuka. Munali mochepa kuposa mmene ndinkaganizira zaka zonse ndili panja. Matebulo a pulasitiki, kalendala ya kutchalitchi, kachifanizo ka Mwana Yesu kovala mkanjo wofiira pamwamba pa firiji, zithunzi za matimu a mpira ndi za maubatizo khoma lonse. Fungo lokha ndinkalidziwa, ndi limene linkatuluka m'malaya a anzanga. M'mashelefu munalibe kanthu, chifukwa bekale inatsekedwa chimwalirireni eni ake, koma Tito Poldo anali atapeza ufa wokandakanda mufiriji n'kuyatsa uvuni kumbuyo.

Tita Chedeng ankathira khofi. "Nsungwi! Walowa? Lero kugwa mvula. Khala apo. Doroy ali kuti?"

"Ali m'galimoto."

"Akudikira timutengere machira?"

Anthu anaseka. Ndinayenera kunena, ndipo panalibe njira yonenera chapansipansi, chifukwa Tita Chedeng khutu limodzi silimva.

"Akufuna kupita nawo kunyumba."

"Kupita ndi ndani? Kweza mawu, mwana iwe!"

"A Mang Sidro! Akufuna kupita nawo kwathu. Awakonzera mpando kumbuyo. Ndipo kwathu kuli khanda."

Bekale yonse inati zii. Makapu anaima m'malere. Palibe anaseka, palibe anati n'zamisala. Mayi wina wachikulire analemba mtanda pankhope. Aliyense m'chipindamo anamva zimene ndinanena popanda ine kufotokoza kalikonse, ndipo zimenezi zinali zisanandichitikirepo kwina kulikonse.

Tita Chedeng anaika ketulo pansi napukuta manja. "Tiye."

Galasi silikanatsika poti kiyi anali ndi ine, choncho anangotsegula chitseko. Bambo anali atanyowa ndi thukuta mpaka kolala.

"Ukufuna ufere muno, tiike maliro awiri? Tsika."

"Si nkhani yanu, Ate Chedeng."

"Si nkhani yanga? Ine amene ndinkakuchapira buluku lako limodzi lokha lija, lero si nkhani yanga? Tamvera, Doroy. Mkulu ameneyu mbandakucha uliwonse wa moyo wake ankadzuka kufuna uvuni. Ukapita nawo kwanu, akadzuka, akayenda m'nyumba monse kufunafuna pamene pali potentha. Akapeza chiyani?"



"Anati adzabwera," anatero bambo. "Ndinawadikira. Nyumba ija sanaione, Ate. Ngakhale kamodzi."

"Anali ouma mutu ngati iwe yemwe. Ndiye titani? Tiisenze nyumbayo tibwere nayo kuno?"

Sindidziwa mmene zinandifikira. Foni inali kale m'manja mwanga.

"Tay, ndili ndi zithunzi."

Anatembenuka, koyamba chichokereni panjanji paja. M'magalasi akudawo ndinangodziona ndekha, wamng'ono, nditanyamula foni. Ndinaganiza kuti aikankha. Ndinatsegula chithunzi cha nyumba chimene ndinajambula tsiku lobwera Amihan, mabaluni ali pakhonde, n'kuwapatsa.

Anaigwira nthawi yaitali. Kenako anamasula lamba, anapotoloka movutikira, nalozetsa foniyo kumpando wakumbuyo.

"Ndi imeneyi, Mang," anatero m'Chitagalogi, ndipo ndinachimva chonse. "Si yaikulu. Denga ndinakhoma ndekha, silidontha. Efren, china." Ndinaweramira mkati n'kusuntha chithunzi ndi chala. "Uwu ndi mtengo wa kalamansi, wabereka chaka chino. Uyu ndi Celing, mkazi wanga, wakula koma pakamwa m'pomwe paja. China. Uyu..." Anaima. "Uyu ndi mdzukulu wanga. Mukuona kuchepa kwake? Sanalimbe. Simungabwere tsopano, Mang. Mwachedwa."

Tita Chedeng anatembenukira kumbali, akufwenthera m'kansalu, akutukwana dzuwa.

Bambo anandibwezera foni. Anatsitsa mwendo umodzi, kenako winawo. Anatsegula chitseko chakumbuyo naima pambali.

"Tsikani. Mwafika."

Anayenda pang'onopang'ono kupita pakhonde, ngati woperekeza munthu wa ndodo. Anthu amene anali atadzaza pazenera anabwerera m'mbuyo. Bambo anakankha chitseko cha bekale, kabelu n'kulira, nachigwira chotsegula iwo ali panja. Anachigwira motalika. Kenako anachisiya, anavula jekete, naikutumula mwamphamvu mpaka fumbi linaoneka padzuwa.

Ndinaimba nthawi yomweyo.

"Atsika, Nay. Asansa."

"Adya?"

"Ayi."

"Adye. Apongozi anyamuka kale," anatero amayi.

Nditatembenuka, m'bekale munali utsi. Tito Poldo anatuluka kumbuyo atanyamula thireyi, akutsokomola, timabanzi tili bii ngati makala.

"Poldo!" anakuwa Tita Chedeng. "Waphanso buledi pa maliro a eni ake!"

"Uvuniyu ali ndi nkhanza! Sandidziwa!"

Tito Poldo anaona bambo ataima panja, ndipo mwina pofuna kuwapeputsira, anatsegula chitseko ndi phazi n'kutulutsa thireyi kunja. Tita Chedeng anawakokera m'mbuyo ndi malaya.

"Ayi. Panja timadyetsa agalu. Doroy, ukafuna buledi wa muno, ulowe."

Bambo anayang'ana pansi, pamene simenti ya pakhonde imathera n'kuyamba matailosi. Utsi unkatuluka pamwamba pa mitu ya anthu. Ndinaganiza za galimoto ya apongozi a Ate Divina ili mumsewu, ikubwera. Ndinafuna kunena kanthu, koma mawu anga a tsiku limenelo anali atatha. Ndinangoyandikira n'kuima pambali pawo.

Dzanja lawo linagwira phewa langa, mwamphamvu mpaka kupweteka.

"Mkatimu sindikuonamo," anatero, osati kwa ine kwenikweni. "Magalasiwa."

Tinalowa awiri. Wina anakoka mpando, wina anasuntha khofi. Bambo anatenga banzi limodzi, analinyema, analinunkhiza, naluma. Linalira ngati mwala pamano.

"Poldo, akanakhala moyo akanakuswa ndi thireyi yomweyi."

"Ali pompano, wabwera nawo ndiwe. Andiswe!"

Bekale yonse inaphulika ndi kuseka. Bambo sanaseke, koma anadya banzilo mpaka kutha. Tita Chedeng anandikankhira awiri, kuti nsungwi imere mnofu, ndipo mayi wachikulire uja anandifunsa dzina, n'kulibwereza kuti asaliiwale. Anali owawa, mabanziwo. Ndinadya onse.

Pobwerera bambo sanandilankhule. Pagalasi loonera kumbuyo sindinayang'anepo.

Amayi tinawapeza pachitseko pomwe paja, chikwama cha Amihan chili pamapazi awo. Kuseri kwawo Ate Divina anali atanyamula mwana, atamuveka kale kachipewa.

"Imani pomwepo," anatero amayi tisanakwere pakhonde.

Bambo anatambasula dzanja, nawapatsa kathumba ka pepala kamene Tita Chedeng anatikakamiza kutenga. Amayi anayang'ana dzina la bekale pakathumbapo. Anakatsegula, ananunkhiza.

"Zopserera."

"Poldo," anatero bambo.

Amayi anasuzumira kuseri kwathu, kugalimoto, kumpando wakumbuyo.

"Atsala?"

"Atsala kwawo."

Anawayang'ana bambo nthawi yaitali, kenako ine. Ndinagwedeza mutu. Anasuntha pachitseko.

"Kasambeni m'manja, mpaka m'zigongono. Divina, imbira apongozi ako abwerere, uwapepese. Efren, chikwamachi kuchipinda."

Ndinawerama kuti ndichinyamule, koma bambo anandiimitsa ndi chikhatho chotambasula.

"Kiyi."

Ndinawapatsa. Anamugwira pang'ono, kenako anamupachika pamsomali wa masiku onse.

"Mawa n'kumanda," anatero, akuvula nsapato. "Njanji ija ukaidutse ngati munthu. Lero unaigunda ngati chidakwa."

Chikwamacho ananyamula okha.